"Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo", kuchepa kwake nkuti?

Nachisale_wakuMudzi: Abale ndithandizeni. Amayi anawadula zala ziwiri za kuphazi chifukwa cha shuga, ndiye ndimauza mlongo wanga kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, aziwasambitsa chilonda osanyansidwa. Azakhali anandidzudzula pompo akuti mwambiwu sukamba za mwendo weniweni, ndawatukwana amayi. Zoona?

Mbewe47: Azakhali akunena zoona. Mwendo pa Chichewa ndi kuyenda, paja timati uyu ali ndi mwendo. Wochepa mwendo ndi mayi woti sanayende, tauni sayidziwa, sukulu sanapite. Iwe waphunzira usamunyoze basi.

MayiAChisomo: Agogo anga amanena mwambiwu akusenda chinangwa pakhonde, ndipo amaloza mayi wina wapamudzi yemwe mwendo unawonda kuyambira ali mwana, ankayenda chotsimphina koma ana ake asanu analera yekha. Kwa agogo unali mwendo weniweni.

NesiWakuManchester: Za mwambi ndisiyira akulu koma Nachisale chonde mapazi a amayiwo ayang'anireni kuposa china chilichonse. Kuno kuli dokotala wa shuga, Pulofesa Andrew Boulton wa ku University of Manchester, munthu yemwe zaka zambirimbiri wakhala akufufuza za mapazi a odwala shuga mpaka mu 2019 anakhala pulezidenti wa International Diabetes Federation, bungwe la padziko lonse loona za matenda a shuga. Mu 2005 iye ndi anzake analemba mu magazini ya zachipatala ya Lancet kuti pa masekondi 30 alionse munthu wina padziko amadulidwa mwendo chifukwa cha shuga. Chomwe amaphunzitsa nchoti shuga imawononga mitsempha, phazi limachita dzanzi, munthu aponda msomali kapena kamwala kali munsapato osamva kanthu, nkumayendabe pachilondacho tsiku lonse mpaka chilowa mkati. Kupweteka kuja ndi komwe kumatiteteza. Amatchula kwambiri Paul Brand, dokotala yemwe anaona zomwezi pa odwala khate ku Vellore ku India.

Mbewe47: Zabwino izo anesi koma makolo shuga ankaidziwa? Ndikubwerezanso, mwendo ndi kuyenda.

MayiAChisomo: Shuga ayi koma khate ankalidziwa, polio ankaiona. Olumala analipo kale a Mbewe.

NesiWakuManchester: Ndiwonjezere, dokotala wina ali pafupi ndi kwathu ku Dar es Salaam, Dr Zulfiqarali Abbas. Iyeyu analembapo za odwala shuga olumidwa ndi makoswe kumapazi ali mtulo, osadzuka chifukwa sakumva, mmawa angoona magazi pamphasa. Ndiye amayi asayende opanda nsapato olo pabwalo, asaothe mapazi pambaula, madzi osamba muziyesa ndi dzanja lanu inuyo, nsapato muzikutumula asanavale, ndipo madzulo alionse muziona pansi pa phazi ndi pakati pa zala. Kachikang'a kakangotsegula thamangirani kuchipatala, musadikire kuti kapweteke chifukwa sikapweteka.

Nachisale_wakuMudzi: Ambuye, mbaula ija amaotha tsiku lililonse nyengo yozizira ino. Zikomo kwambiri, ndiwaimbira pompano.

AgogoAamuna_BT: Ine chondiwawa nchoti ana alero olo mawu oti mako sawadziwa, amaona ngati kutukwana. Amayi ake akuti masteni, bambo akuti madala, mdzukulu wanga ndinamuuza mwambi womwewu anandifunsa ngati ndi nyimbo. Ife timaphunzira izi kumadzulo pamoto, iwo maso pafoni.

Tadala_2003: Agogo musatiphatikize tonse, masteni timanena mwachikondi. Komanso inu akuluakulu nomwe simukugwirizana apa, ndiye ife titsate uti?

Mbewe47: Tsatani wanga. Agogo anga a ku Dedza sanaonepo nyanja moyo wawo wonse, ndipo ankadzinena okha kuti ine ndine wochepa mwendo. Mukufuna umboni wina wotani?

MayiAChisomo: Anu a ku Dedza, anga a ku Ntchisi, ndipo anga amaloza mwendo ndi chala. Nachisale afunseni azakhaliwo iwo anaumva kwa ndani.