Pempho la uphungu pa wotchi yoyeza mtima wa mwana

Abale ndi alongo, ndikulemba kuchokera ku Lobi, m'boma la Dedza, kupempha nzeru kwa inu amene mukusamalira ana obadwa ndi vuto la mtima. Mwana wanga wamkazi wazaka 7 ali ndi vuto lotchedwa Tetralogy of Fallot, ndipo akathamanga pang'ono ndi anzake milomo ndi zikhadabo zake zimada, kenaka amanyonyomala pansi mpaka mpweya utabwerera.

Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg wadzipereka kutigulira wotchi yovala pamkono yoyeza kugunda kwa mtima ndi kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, koma ine ndikukayika. Kachipangizo kopanira pachala kamene tili nako kamasonyeza manambala osinthasintha m'mawa wa mwezi wa June, pamene zala zake zazizira ndi chisanu cha kuno, ndipo ndamva kuti zipangizo zoyeza pogwiritsa ntchito kuwala zimatha kulakwitsa pa khungu lakuda. Komanso pa munthu wathanzi muyezo wa okosijeni m'magazi umakhala pakati pa 95 ndi 100 peresenti, pamene wa mwana wanga umakhala pansi pa pamenepo ngakhale atangokhala, choncho ndikuopa kuti wotchiyo izingolira usiku wonse n'kutisowetsa tulo.

Kodi alipo amene anaigwiritsapo ntchito pa mwana wamkono waung'ono chotere, ndipo madokotala a ku Kamuzu Central Hospital amavomera kuona zimene wotchiyo yasunga? Ndikufunanso kudziwa kuti batire yake imatha masiku angati, popeza kwathu timatchaja mafoni pa sola ya kumsika.