Mano oikirira a pa implant akunyamuka potafuna

Nachisale_Chilomoni: Odziwa za mano, thandizeni. Munthu ali ndi ma implant awiri (tizitsulo tolowetsedwa m'fupa kuti tigwire mano) kunsagwada ya m'munsi, mano oikirira amadinikizidwa pamenepo ngati mabatani. Patha miyezi 8, tsopano akumanyamuka kumbuyo akamadya kondowole kapena chimanga chootcha. Kodi implant yakhwefuka m'fupa?

WaManoKuLimbe: Kawirikawiri si implant ayi, mayi. Pansi pa manowo pali tizipewa tachitsulo, ndipo m'kachipewa kalikonse muli kanayiloni kogwira mutu wa implant. Nthawi iliyonse munthu akatafuna, mano amasuntha pang'ono, kanayiloniko n'kumaperepeseka. Ambiri amasinthitsa pa miyezi 6 mpaka 12, ntchito ya mphindi zochepa. Pa mtundu wa zogwirira mano wotchedwa Locator, kanayiloni kabuluu kamagwira mofewa, kapinki pakatikati, kooneka ngati galasi ndiye kolimba kwambiri. Musathamangire kolimbako: achikulire ofooka zala amavutika kuvula. Ma implant akapendekeka mosiyana kupitirira madigiri 20, timitundu timeneti timatha msanga, pamafunika tobiriwira kapena tofiira.

Achimwene_Ndirande: Zoonadi, koma mawu oti "kumbuyo" ndi amene andikhudza. Ma implant awiri amakhala kutsogolo, ndiye mano otafunira amatsamira nkhama basi. Fupa la pansi pa nkhamazo limapitirizabe kuchepa, mpata n'kutseguka, manowo n'kumapendama uku ndi uku, ma implant ali pakati. Kondowole amamata ndi kukokera m'mwamba, chimanga chimalumidwa ndi mano akutsogolo, kumbuyo n'kutukuka. Yesani kudina ndi chala kumbuyo mbali imodzi. Mbali ina ikanyamuka, dokotala awonjezere pulasitiki pansi pake kuti agonenso bwino pankhama. Mukangosintha nayiloni osakonza zimenezi, yatsopanoyo sichedwa kutha.

MayiPhiri_Zingwangwa: Chimene chimandimvetsa chisoni n'choti ambiri sauzidwa kavalidwe. Osaluma kuti mano alowe! Kuluma kumapinda m'mphepete mwa nayiloni. Dinikizani ndi zala mbali zonse ziwiri mpaka amveke kuti alowa. Pamwamba pa mutu wa Locator pali kadzenje komwe kamadzaza zakudya, kotero tsukani ndi mswachi wofewa tsiku lililonse, ndipo usiku vulani manowo. Chimanga muzichikonola, muzitafuna mbali zonse, nzimbe muileke.

Koma ngati chitsulo chenichenicho chikugwedera, kapena nkhama zatupa, zikutuluka magazi kapena mafinya, musadikire. Mwina mutu wamasuka, ungofunika kumangidwa, mwinanso fupa lozungulira implant ladwala. Pitani kwa amene anaika, aone ndi X-ray.