Opaleshoni ya chiwindi ya timabowo, magazi amawaletsa bwanji?

Nachi22:
Anzanga tandithandizeni, ndikuphunzira unamwino nde pali chinthu chikundizunguza mutu. Chiwindi ndi chamagazi kwambiri, kungochicheka pang'ono chayamba kuchucha. Nanga pa laparoscopy paja amangoboola timabowo n'kulowetsa kamera, dzanja la adokotala silili mkati, magaziwo amawagwira bwanji?

Wa_Theatre:
Chemwali, pali njira yotchedwa Pringle, dzina la dokotala wa ku Glasgow, James Hogarth Pringle, anailemba mu 1908. Magazi olowa m'chiwindi amadzera khomo limodzi, portal vein yochokera kumatumbo imabweretsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi, otsalawo ndi a hepatic artery, mtsempha wobweretsa magazi ochokera kumtima, ndipo zonsezi zili mtolo umodzi ndi njira ya ndulu. Nde amazunguliza kalamba kuseri kwa mtolowo, nsonga ziwirizo n'kuzilowetsa mu kachubu, akangokankha kachubuko mtolo uja wafinyika, magazi aima. Ena kachubuko amakatulutsira panja pa mimba kuti azimanga n'kumasula ali kunja, ena amapinda Foley catheter, kachubu kotulutsira mkodzo kaja, kuzunguliza mtolowo mkati momwemo.

Nachi22:
Koma abale, chiwindicho sichingafe chikamanidwa magazi chonchi?

Wa_Theatre:
Samamanga mpaka kumaliza ayi. Kawirikawiri ndi mphindi 15 chomanga, 5 chomasula, kenako kubwerezanso, ndipo munthu woyang'ana wotchiyo nthawi zambiri ndi namwino, inuyo mawa lino. Muzinena mokweza ndithu chifukwa adokotala maso ali pa sikirini. Chiwindi cha cirrhosis, chija cholimba ndi zipsera, ndiye sichipirira kwambiri, pamafunika kusamala kawiri.

Wogonetsa:
Zoona zimenezo koma musaiwale mbali yathu. Pringle amatseka olowa okha, mitsempha yotulutsa magazi ija ya hepatic vein ikadulika imachuchabe cham'mbuyo ngakhale mwamanga. Mpake ifeyo timachepetsa dripu kuti CVP, presha ya magazi m'mitsempha ikuluikulu yobwerera kumtima, ikhale pansi pa 5 mpaka amalize kudula, komanso mpweya wa carbon dioxide omwe amapopera m'mimba, cha pa 12 mmHg, umathandiza kupsinja timitsempha. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti mtsempha waukulu ukatseguka mpweya omwewo utha kulowa m'magazi, nde maso sachoka pa monita. Ndipo wodwala amene anachitidwapo kale opaleshoni ya m'mimba, zinthu zimakhala zitamatana, kungopititsa kalamba kaja kuseri ndi ntchito ndithu. Magazi akakanika kuima palibe manyazi, amatsegula mimba basi.