Zilonda za mashingozi zinapola, koma ululu wa amayi sukutha

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru. Amayi anga, amene ndimakhala nawo ku Chibavi, anadwala mashingozi m'nthiti za kumanzere chaka chatha. Zilonda zinauma kalekale ndipo kwangotsala zipsera, koma malowo amawaotchabe ngati moto, moti ngakhale m'kuzizira kwa Mzuzu kwa mwezi wa June amakana juzi, chifukwa nsalu ikangokhudza khungu amabuula. Panado sakuphula kanthu.

Adokotala anati ululu wopitirira miyezi 3 ndi wokhalitsa, ndipo mitsempha ya amayi yazolowera kutumiza uthenga wa kuwawa. Nditawerenga ndinapeza kuti pamalo pamene maselo a mitsempha amapatsirana uthenga, potchedwa synapse, pamalimba uthenga ukamadutsapo kawirikawiri, monga njira yachidule imene anthu aiponda mpaka udzu kuferatu. Asayansi awiri, Bliss ndi Lømo, anafotokoza kulimba kumeneku mu 1973 atafufuza ubongo wa akalulu, ndipo akatswiri amati n'kumene kumatithandiza kukumbukira zinthu. Mu 1983 wasayansi wina, Clifford Woolf, anasonyeza pa makoswe kuti thupi likavulala, mitsempha ya mumsana imayamba kukokomeza uthenga wa ululu.

Kodi njira yolimba chotere ingathe kufookanso? Amayi anapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu wa mitsempha otchedwa amitriptyline, koma patangotha sabata imodzi akufuna kusiya chifukwa akuwodzera masana ndiponso kukamwa kukuwauma, pomwe achibale ayamba kale kunena za kwa asing'anga.

Yankho la namwino wa ku Luwinga: Achimwene, synapse imatha kulimba, imathanso kufooka, ndipo kwa anthu ambiri ululu wa mashingozi umachepa pang'onopang'ono, ngakhale kuti kwa okalamba umachedwa. Mankhwalawo amatenga masabata angapo kuti ayambe kuthandiza, choncho sabata imodzi yachepa. Azimwa usiku, ndipo akamadzuka muziwagwira dzanja poopa kugwa. Mubwerere nawo kuchipatala kuti adokotala aonenso mlingo wake kapena aganizire za mankhwala ena otchedwa gabapentin, koma asasiye paokha.

Yankho la mayi wa ku Katoto: Bambo anga anavutika chimodzimodzi, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti tinkawaganizira kuti akunamizira, poti bala silinkaoneka. Malaya otakasuka a thonje anawathandiza kugona.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndipita nawo. Anamwino, kodi pali vuto kumwa amitriptyline pamodzi ndi mankhwala awo a BP, kapena ndingotenga mapaketi onse kuti adokotala akaone okha?