Zoluka zikukana kugwirana ndi nsalu pa makina

Naphiri: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala akufuna quilt ya mwana, chofunda cholumikiza zigamba chija, mabokosi ena a nsalu ya thonje ena oluka, mosinthanasinthana. Zolukazo wabwera nazo yekha, zinalukidwa ndi malemu mayi ake, ndiye zoti ndiluke zina palibe. Ulusi wake ndi acrylic, wonenepa pakatikati uja amati DK, kalukidwe kake ndi kosalala kumaso kaja, stocking stitch yokhayokha. Akuti onse ndi 15 cm koma ena 14 ena mpaka 16. Ndikangoika pa makina choluka chikutanuka, pofika kumapeto kwa msoko nsalu yatha koma cholukacho chatsala cholendewera. Msoko ukuchita mafunde, m'mbali mukupindika, ulusi ukukodwa m'mano a makina. Tenishoni ndachepetsa, sitichi ndatalikitsa mpaka 3, palibe chasintha. Akuifuna Loweruka. Nditani?

Nangozo: Sokani pamanja mayi. Choluka ndi makina sizimvana, chiyambire.

Naphiri: Mabokosi 48 pamanja pofika Loweruka? Anangozo inu.

A Mbewe: Achemwali, tenishoni ibwezeni pomwe inali, vuto silili pamenepo. Futi, kachitsulo kopanikiza nsalu kaja, ndi imene ikukankha choluka kutsogolo pomwe mano akukoka nsalu yapansi, n'chifukwa chake chikutsala. Tembenuzani, choluka chikhale pansi nsalu pamwamba, mano azichimeza pang'onopang'ono. Masulaninso pang'ono sikuluwu yapamwamba ija yopanikiza futi, ngati makina anu ali nayo. Pansi pa choluka yalani pepala lopyapyala kuti ulusi usakodwe, mukamaliza mung'ambe. Singano ikhale ballpoint 90, yansonga yobulungira ija, yakuthwa ija imadula ulusi, mudzangoona bowo litatseguka atachapa. Mukanakhala ndi walking foot, futi yokoka yapamwamba limodzi ndi yapansi, bwenzi nkhani itatha kale.

Naphiri: Walking foot ndilibe, makina anga ndi akale aja opalasa. Zigizagi alibenso.

Nabanda: Chonde chonde, wina asakuuzeni zomata Vilene, kansalu kolimbitsira ka guluu kaja, kumbuyo kwa cholukacho. Ndikudziwa kuti ena amatero kuti chileke kutanuka, koma acrylic ndi pulasitiki ameneyo. Kuti guluu wa Vilene agwire pamafunika simbi yotentha ndithu, ndipo kutentha komweko ndi kumene kumapha ulusi. Kunabwera mayi wina kwa ine ndi juzi ya mwamuna wake, wantchito anaisita. Pamimba ponse panali pophwatalala, ponyezimira, ngati anapakapo mafuta, kuikoka osabwereranso. Amati ndiikonze. Ndinawauza kuti apa ngakhale mutapita kwa ndani. Acrylic akafa wafa. Ndiye izi ndi za malemu, mukawotcha bokosi limodzi mukalitenga kuti lina?

Nangozo: N'zimene ndikunena. Singano ya m'manja siwotcha kanthu.

Nasoko: Moni nonse, ine ndine mlendo pakati panu, ndimangowerenga. Ndimaluka majuzi ndi zipewa, zosoka zigamba sindinayambe koma ndimazisirira, n'chifukwa chake ndinabwera kuti ndidziwane ndi anzanga. Pepani kulowerera. Kupindikako si vuto la amene analuka. Stocking stitch imapindika basi, m'mbali imapita kumbuyo, pamwamba ndi pansi imabwera kutsogolo, chifukwa kumaso ndi kumbuyo masitichi sakoka mofanana. Ife timaika mizere ingapo ya garter, kalukidwe kofanana kumaso ndi kumbuyo, m'mphepete kuti chigone. Popeza analuka kale, mutha kuzunguliza crochet mzere umodzi bokosi lililonse, masitichi ofanana chiwerengero mbali zonse. Aang'ono aja a 14 muwapatse mizere iwiri. Mphepete imalimba, ndipo mabokosi amayandikirana kukula.

Nabanda: Takulandirani Anasoko, khalani omasuka. Oluka enieni ndi ochepa muno, ambirife ndi a makina. Mumalukira singano ziwiri kapena yozungulira ija?

Nasoko: Zonse mayi, koma yozungulira ndi imene ndinaizolowera, mapewa sawawa.

Naphiri: Zikomo Anasoko, koma ulusi wofanana nawo ndilibe. Nanga aakulu aja a 16 ndingowadula m'mbali?

A Mbewe: Ayi ayi! Sizasi isayandikire. Choluka ndi ulusi umodzi kuchokera poyambira mpaka pothera, mukadula penapake chonse chiyamba kumasuka. Amene amadula zoluka amayamba asokerera mizere iwiri ya sitichi yaing'ono mbali zonse za podulapo, ndipo zimenezo zimayenda bwino pa ubweya weniweni chifukwa umakolana wokha. Acrylic ndi woterera, amathawa. Ine ndinapatsidwapo juzi yoti ndifupikitse manja, mwini wake anali atayamba kale kudula yekha kunyumba. Pofika kwa ine dzanja limodzi linali litathera m'chigongono, ulusi uli mu jumbo.

Nankhoma: Ndafika mochedwa koma imvani izi. Lekani kulumikiza choluka ndi nsalu m'mbali ndi m'mbali, mudzalimbana nazo mpaka Loweruka lidutse. Dulani mabokosi a nsalu okhaokha, onse ofanana, mwina 19 cm kuti ngakhale choluka chachikulu chija chisiye malo a msoko. Choluka chilichonse muchigoneke pakati pa bokosi lake, muchibaye mapini ambiri, choyamba m'makona, kenako pakati pa mbali iliyonse, kenako m'mipata. Osachikoka, chingogona mmene chilili. Musokerere mozungulira. Mukatero polumikiza mabokosi mukhala mukusoka nsalu ndi nsalu, msoko wanu wa masiku onse wa 6 mm, makona akumana bwinobwino. Choluka cha 14 chingokhala ndi mphepete yokulirapo ya nsalu, palibe adzayeze ndi tepi. Ubwino wina nsalu yapansiyo ndi imene inyamule kulemera, cholukacho sichilendewera.

Nangozo: Kusokerera kozungulirako n'kumene ndikuti pamanja. Makina apanikiza mphepete ioneke yophwanyika. Pamanja mumalowetsa singano m'sitichi iliyonse, ulusi osaoneka n'komwe.

Nankhoma: Anangozo, pamanja pamakongola, palibe akukana. Koma tsiku lake mwalimva?

Nangozo: Tsiku amaika ndi kasitomala, koma ikaphwasuka dzina loipa ndi lanu. Muuzeni adikire. Zinthu za mayi ake zadikira zaka zonsezi m'sutikesi, sabata imodzi ingamuphe?

Nabanda: Musanadule nsalu ija mwaichapa? Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, acrylic sabwerera. Mukasoka osachapa, tsiku loyamba kulowa m'madzi nsalu ifupika, zoluka zitukumuka pamwamba. Makamaka ngati pali yofiira kapena yabuluu wakuda, iviikeni payokha muone madzi. Mnzanga wina anasoka yoyera ndi yofiira, yokongola zedi, yapaukwati. Atachapa yoyera yonse inasanduka pinki. Kasitomala anabwera nayo ili yonyowa, n'kuiponya pa tebulo anthu akuona. Ndalama anabweza, nsalu n'kugulanso yekha.

Naphiri: Nsalu ndinachapa, imeneyo ndiye ayi. Zoluka sindinachape, zikununkha sutikesi.

Nasoko: Zichapeni m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, osapotokola pofinya. Zikulungeni m'thawulo mupondepo, kenako muziyale pansi ndi mapini pa muyeso umene mukufuna mpaka ziume. Osayanika pa chingwe, madzi amazikokera pansi. Pa acrylic sizisintha kwambiri ngati pa ubweya, komabe zimagonako. Muonenso ngati malekezero a ulusi anawalowetsa bwino, zoluka zakale zambiri amangomanga mfundo n'kudula pafupi.

A Mbewe: China, thonje loika pakati pa quilt lija ikani lopyapyala, mwinanso flannel basi. Zoluka n'zolemera kale. Ndipo mizere yanu ya quilting, yosokera pamwamba, pakati ndi pansi pamodzi, idutse pa nsalu pokha, osakwera pa choluka, futi ikakola lupu imodzi mumva kuwawa. Ena amangomanga mfundo m'makona m'malo mosoka, koma ya mwana ine sindimanga, tizala timasolola. Mumuuzenso mayiyo kuti khanda losakwana chaka asaligoneke ndi chofunda cholemera chotere, aziyala pansi posewera.

Nangozo: Mizere imeneyonso pamanja imatheka, ndipo palibe futi yokola lupu.

Nankhoma: Tamva mayi.

Nasoko: Anankhoma, 6 mm mukunenayo mumayeza msoko uliwonse kapena diso linazolowera? Ndili ndi zidutswa za nsalu thumba lonse, ndikufuna kuyamba koma makona ndi amene amandiopsa.

Nankhoma: Matani tepi pa mbale ya makina, 6 mm kuchokera pa singano, nsalu izitsata mphepete mwa tepiyo. Yambani ndi mabokosi, zamakona atatu zisiyeni kaye, zimatanuka chifukwa mumadula mopingasa ulusi wa nsalu. Inu mundiphunzitse chidendene cha sokosi, chinandikanika kalekale.

Nabanda: Chidendene n'chosavuta, chovuta ndi kuluka sokosi yachiwiri kuti ifanane ndi inzake. Anaphiri mwatembenuza muja ananenera a Mbewe? Zikuyenda?