Mbalame ya pazenera la kuguwa: chiwombankhanga kapena vuwo?

Wofunsa:
Akuluakulu anzanga pa ntchito ya magalasi, ndathedwa nzeru ndipo nthawi ikundithera. Ndalandira zenera lozungulira la magalasi a mitundu okhala ndi zithunzi, la pamwamba pa guwa m'tchalitchi china cha Katolika, limene amisiri omanga analigulula pokonza khoma osalemba manambala, osajambula chithunzi, ndiponso osadinda papepala mizere ya mtovu umene umalumikiza zidutswa za galasi. Pakati pali Mwanawankhosa wonyamula mbendera, ndipo momuzungulira muli timagawo tisanu ndi kamodzi. Tinayi tili bwinobwino: munthu wamapiko, mkango, ng'ombe, ndi chikho chokhala ndi mkate wa Ukaristia pamwamba pake. Kachisanu kanasweka kalekale ndipo wina anangotsekapo ndi galasi wamba. Kotsalako ndi kamene kandisowetsa tulo, chifukwa pangotsala phiko limodzi, chidutswa cha chifuwa cha mbalame ndi tizidutswa titatu tofiira, koma mutu palibe. Bambo mfumu akufuna zeneralo libwerere lisanafike tsiku la nkhoswe ya parishi, ndipo akuti ndingojambula mbalame iliyonse yooneka bwino. Kodi ndijambule chiwombankhanga cha Yohane kapena vuwo? Nanga timagawoti ndititsatanitse motani?

Mmisiri wachikulire:
Mwana wanga, imeneyo ndi vuwo ndipo musataye nthawi. Zeneralo lili pamwamba pa guwa, pamene nsembe ya Misa imaperekedwa, ndipo mwanena nokha kuti muli chikho. Akale ankakhulupirira kuti vuwo imadzijompha pachifuwa kuti idyetse ana ake ndi magazi ake, n'chifukwa chake Mpingo unaitenga ngati chizindikiro cha Khristu amene amatidyetsa ndi thupi ndi magazi ake. Tizidutswa tofiira mwatchulato ndi madontho a magaziwo.

Wojambula pagalasi:
Achikulire, ndikupempha kuti tisafulumire. Munthu wamapiko, mkango ndi ng'ombe sizimayenda zitatu zokha. Zimachokera ku zamoyo zinayi za pa Ezekieli 1:10 ndi Chivumbulutso 4:7, ndipo monga anazigawira Jerome Woyera, munthu ndi Mateyo, mkango ndi Marko, ng'ombe ndi Luka, chiwombankhanga ndi Yohane. Choncho chiwombankhanga chinalipo ndithu pazeneralo, ndipo funso lenileni ndi lakuti chinali m'kagawo kamene kanatayikiratu kapena m'kamene katsala phikoka. Bambo amene mwafunsa, mlomo wa mbalame usakudandaulitseni kuti palibe, pakuti ojambula ambiri akale ankajambula vuwo yooneka ngati chiwombankhanga, ya mlomo wokhota, yopanda thumba lija la pakhosi. Yang'anani mzere wa mtovu umene unazungulira khosi. Khosi la vuwo limapindikira pansi mpaka mutu kufika pachifuwa, ndipo m'munsi mumakhala chisa ndi ana otukula mitu. Chiwombankhanga chimadzutsa mutu, chimakhala ndi mkombero wa kuwala kumutu ngati zinzake zitatuzo, ndipo kawirikawiri chimagwira buku kapena mpukutu m'zikhadabo. Ngati mkango ndi ng'ombe zili ndi timipukutu tolembedwa mayina, fufuzani m'bokosi la zidutswalo ngakhale kachilembo kamodzi kokha.

Wofunsa:
Zikomo Mayi. Mkango ndi ng'ombe zilidi ndi timipukutu, koma m'bokosi mulibe chidutswa cholembedwa. Mtovu wa pakhosi unaphwanyika pamene ankagulula, moti sindingathe kulumbira kuti unapindikira kuti.

Mmisiri wachikulire:
Mpukutu mulibe chifukwa vuwo sinyamula mpukutu. Ndanena kale.

Wosamalira zakale za m'matchalitchi:
Kusapezeka kwa chidutswa m'bokosi la amisiri omanga si umboni wa chilichonse, achikulire. Koma ine nkhawa yanga ili pena. Bambo, musanasakanize utoto, funsani ngati dayosizi yavomereza ntchitoyi. Lamulo 1189 la m'Malamulo a Mpingo a 1983 limanena kuti zithunzi zamtengo wapatali chifukwa cha ukale wake, luso lake kapena ulemu umene akhristu amazipatsa, zisakonzedwe popanda chilolezo cholembedwa cha mkulu wa dayosizi, ndipo iyeyo ayambe wafunsa akatswiri. Mawu apakamwa a bambo mfumu sadzakutetezani tsiku limene komiti ya za luso lopatulika idzafunse kuti mutu wa mbalameyo unachokera kuti. Chachiwiri, malangizo a bungwe la Corpus Vitrearum, limene lakhala likufufuza mazenera akale kuyambira 1952, amatsindika kuti chokonzedwa chikhale chochepa, chilembedwe bwino, ndipo chithe kuchotsedwa mtsogolo. Ngati umboni palibe, dulani galasi la mtundu wogwirizana, mulipake utoto wongochepetsa kuwala, mulembepo chaka m'mbali, ndipo musiye malo a mutuwo osajambula. Ndikudziwa kuti akhristu sakonda mbalame yopanda mutu pamwamba pa guwa, komabe kuphunzitsa anthu ndi chizindikiro chongopeka ndi koipa koposa.

Wowotcherera mtovu:
Nkhani ya kusalemba manambalayi imandiwawa kwambiri. Ndinaitanidwapo kukaona zenera limene anthu ena analibwezera molitembenuza, mbali ya mkati itayang'ana kunja. Khristu ankadalitsa ndi dzanja lamanzere, Alefa ndi Omega anasinthana malo, ndipo nkhosa za pachiweruzo zinapezeka kumanzere kwake pamene mbuzi zinali kumanja. Anthu anapemphera pansi pake zaka zingapo osazindikira, mpaka utoto wa nkhope unayamba kusuluka ndi mvula. Choncho Bambo, poyamba tsimikizani mbali ya kagawo kalikonse. Utoto wakuda wa mizere ndi mithunzi umakhala mkati mwa tchalitchi, pamene chikasu cha siliva (mankhwala a siliva amene amasandutsa galasi kukhala lachikasu likaotchedwa) kawirikawiri chimapakidwa kunja. Pendeketsani galasi pa kuwala ndipo mudzaona. Onaninso pamene panawotchereredwa timawaya ta kopa tomangira kuzitsulo, ndi mthunzi wa litsiro umene chitsulo chimasiya pagalasi, chifukwa zimenezo zimakuuzani kumwamba ndi kunsi kwa kagawoko. Dulaninso makatoni molingana ndi mabowo a pakhoma, popeza mabowo osema pamanja salingana ndendende, ndipo kagawo kalikonse kamakonda kulowa pamalo pake pokha.

Wojambula pagalasi:
Ndiwonjezere pa za katsatanidwe. Pamene zamoyo zinayizi zazungulira Khristu, malo amene timawaona kawirikawiri ndi awa, kwa munthu woimirira moyang'anizana nazo: munthu pamwamba kumanzere, chiwombankhanga pamwamba kumanja, mkango pansi kumanzere, ng'ombe pansi kumanja. Ndi mmene zilili pakhomo lalikulu la kumadzulo la tchalitchi cha Chartres. Mitu yake imatembenukira pakati, kwa Ambuye. Ngati phiko ndi chifuwa mwatsala nazo zikusonyeza mbalame yoyang'ana kumanzere, ndipo katoni ya kagawoko ikulowa m'bowo la pamwamba kumanja, pamenepo muli ndi chifukwa chomveka chonenera kuti ndi Yohane. Ngati ikulowa m'bowo la pamwamba penipeni kapena la pansi penipeni, moyang'anizana ndi chikho, achikulire akhoza kukhala atalondola. Musaiwalenso kuti pamwamba penipeni ndi malo amene nkhunda ya Mzimu Woyera imakonda kuikidwa, ikutsika mutu pansi. Nthenga zikakhala zoyera ndi zazifupi, ganizirani zimenezo.

Mmisiri wachikulire:
Mayi, mwaphunzira ndipo ndikukulemekezani, koma tizidutswa tofiira tija simunatiyankhe. Nkhunda ikha magazi? Chiwombankhanga chikha magazi? Ine ndagwira mazenera ambiri a pamwamba pa guwa, ndipo pamene pali chikho, vuwo siikhala patali.

Wojambula pagalasi:
Ndiyankha, achikulire. Galasi lofiira limapangidwa ndi kachikuto kopyapyala kofiira pamwamba pa galasi loyera, chifukwa likafiira lonse kuwala sikudutsa bwino. Wofuna madontho a magazi amatha kupala kachikutoko kapena kukadya ndi asidi n'kusiya timadontho pagalasi limodzi, m'malo modula tizidutswa ting'onoting'ono tovuta kumanga ndi mtovu. Bambo amene mwafunsa, tiuzeni: kodi kumbuyo kwa mkango ndi ng'ombe kuli mtundu wanji? Ngati nakonso ndi kofiira, ndiye kuti tizidutswato ndi ta kumbuyo chabe ndipo sitikunena kanthu za magazi. Oneninso m'mphepete mwake ngati munadulidwa mozungulira ndi mmisiri kapena munangosweka.

Wosamalira zakale za m'matchalitchi:
Pamene mukuyang'ana zonsezi, musatsuke chidutswa chilichonse musanachione ndi galasi lokulitsa. Utoto umene sunapse bwino m'ng'anjo umachoka ndi thonje lonyowa, ndipo nthawi zina chimene chikuoneka ngati litsiro m'munsi mwa chifuwa chimakhala mizere yotsala ya chisa kapena ya zikhadabo. Utoto ukasuluka umasiya chithunzithunzi chake pagalasi, chimene chimaoneka mukawalitsa tochi cham'mbali m'chipinda chamdima. Musabwezerenso galasi lakale m'ng'anjo pofuna kukhwimitsa utoto, pakuti kutentha kwa madigiri a Celsius pafupifupi 650 kukhoza kusintha chikasu cha siliva ndi kuswa galasi lotopa kale. Chidutswa cha phiko ndi cha chifuwa zilumikizeni ndi guluu wa epoxy wopangidwira magalasi kapena ndi kopa wopyapyala, osati ndi mtovu wonenepa umene udzadule chithunzicho pakati. Ndipo pemphani bambo mfumu alengeze m'tchalitchi kuti aliyense amene ali ndi zithunzi zakale za ukwati, za ubatizo kapena za Ukaristia woyamba zojambulidwa kuguwa abwere nazo. Ngati pali dzina la amene anapanga zeneralo m'ngodya ya m'munsi, alembereni kalata, chifukwa nyumba zina zakale zopanga mazenera otere monga Franz Mayer ya ku Munich zikadalipo ndipo zinatumiza mazenera ambiri kumatchalitchi a Katolika a m'mayiko akutali.

Wowotcherera mtovu:
Za mkombero wa kumutu nazonso muchenjere. Ndinaonapo pamene wokonza wina anapatsa Petro Woyera mkombero wokhala ndi mtanda mkati, poganiza kuti akukongoletsa, chonsecho mkombero wotero ndi wa Mulungu yekha, makamaka Khristu, Mwanawankhosa ndi nkhunda ya Mzimu Woyera. Mukasankha chiwombankhanga, mkombero wake ukhale wopanda mtanda, wofanana ndi wa mkango ndi ng'ombe.

Katekisiti amene amadulanso magalasi:
Ine ndingokumbutsa kuti kagawidwe ka Jerome sikanali kokhako kalelo. Ireneo Woyera anapatsa Yohane mkango ndi Marko chiwombankhanga, pamene Augustino Woyera anapatsa Mateyo mkango ndi Marko munthu. Pamazenera a m'matchalitchi athu timatsata Jerome, komabe werengani mayina a patimipukuto musanalembe dzina latsopano. Zimenezi ana a katekisimu amaziwerenga ndi maso Lamulungu lililonse, ndipo chimene aona pazenera amachisunga kuposa chimene ndawauza pakamwa.

Mmisiri wachikulire:
Zonsezo ndazimva, koma mukadzapeza chithunzi cha ukwaticho mudzaona chisa ndi ana atatu m'munsi mwake. Ndipo ngakhale mutapeza kuti phikolo ndi la Yohane, kagawo kanatayika kaja kanali ka vuwo, ndiye mudzaijambulabe.

Wosamalira zakale za m'matchalitchi:
Kagawo kotayikako kakhozanso kukhala kanali ka ngala za tirigu ndi mphesa, achikulire, kapena ka nkhunda. Bambo amene munafunsa, kodi makatoni aja mwadula, ndipo kumbuyo kwa mkango kuli mtundu wanji?