Ndisankhe CMake kapena Meson pa laibulale yathu ya C++?

Muli bwanji nonse abale anga? Ndafika pothedwa nzeru, chonde ndithandizeni.

Ndili ku Mchinji. Ine ndi mnzanga tinalemba laibulale ya C++ yowerengera makilo ndi ndalama za alimi akabwera kudzagulitsa soya ndi mtedza ku kopaletivu. Tikufuna izigwira ntchito pa Windows mu ofesi, pa Ubuntu 22.04 palaputopu yanga, komanso pa mafoni a Android a anyamata apasikelo. Ikufunikanso ma wrapper, kutanthauza khodi yoilumikiza ndi mapulogalamu a Python ndi Java.

Vuto lili posankha chida chomangira laibulaleyi kuchokera ku khodi. Tinayamba ndi Makefile. Pa Ubuntu zinayenda bwinobwino, koma pa Windows zinakanika. Bazel ndinaisiya panjira, bandulo yanga inatha ndisanamalize kukopera zonse zofunika. Panopa ndili pa CMake: DLL (fayilo ya laibulale pa Windows) ikutuluka ndithu, koma Python sakuwaona mafankishoni ake, pomwe pa Ubuntu akuwaona onse. Ndachezera nazo masiku atatu.

Nyengo yogula soya yayandikira, ndipo zolemba m'kope zikutitayitsa ndalama za alimi.

Kodi ndilimbikire CMake poti Gradle, chida chomangira mapulogalamu a Android, imailandira mwachindunji, kapena Meson ingandipeputsire ntchito? Nanga pa zida zopangira ma wrapper, SWIG yokha ingakwanitse onse awiri, kapena ndigawe, pybind11 ku Python ndi JNI ku Android? Amene munadutsamo mu zimenezi, ndiuzeni.